Ichotseni library imeneyo setifiketi isanathe

Achimwene, mwati library (code yolembedwa ndi munthu wina imene munaiika mu pulogalamu yanu) imene imakutengerani setifiketi ya HTTPS kuchokera ku bungwe la Let's Encrypt pa webusayiti ya kasitomala wanu yatha zaka osakonzedwa, mwini wake sakuyankhanso pa GitHub, koma setifiketi ikubwerabe bwinobwino, ndiye mukufunsa ngati pali chifukwa choichotsera. Chifukwa chilipo. Ichotseni mwezi uno, setifiketi yomwe ilipoyi idakali ndi masiku ambiri.

Library imeneyi sigwira ntchito payokha. Imalankhula ndi ma seva a Let's Encrypt kudzera mu ndondomeko yopemphera setifiketi yotchedwa ACME, ndipo anzathu a mbali inayo amasintha zinthu osayang'ana kuti code yanu inaima chaka chanji. Mu Januwale 2018, Frans Rosén atapeza chibowo m'njira yotsimikizira umwini wa domain yotchedwa TLS-SNI-01, Let's Encrypt anaitseka mwadzidzidzi, ndipo mu 2019 anaichotseratu. ACMEv1, mtundu woyamba wa ACME, inasiya kulandira ma akaunti atsopano mu Novembala 2019, kenako pa 1 Juni 2021 anaizimitsa. Certbot ndi ma client ena otengera setifiketi amene anali ndi owasamalira anali atasamukira kale ku ACMEv2. Osiyidwawo anathera pomwepo. Chaka chomwecho, pa 30 Seputembala, DST Root CA X3, setifiketi yaikulu yakale imene ma setifiketi a Let's Encrypt ankatsamirapo, inatha, ndipo ma seva okhala ndi OpenSSL 1.0.2, library yotsimikizira ma setifiketi, anayamba kukana ma setifiketi omwe analibe vuto lililonse.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti zinthu zimenezi zimafa mwakachetechete. Setifiketi ya Let's Encrypt imakhala masiku 90, ndipo ma client ambiri amayamba kutenga ina kukatsala masiku 30. Tsiku limene library yanu idzalephere, webusayiti idzatsegukabe ngati kale. Cron, imene imathamangitsa ntchito pa nthawi yoikika, idzathamanga usiku, idzalemba error mu log imene palibe amaiwerenga, mawa lake chimodzimodzi, mpaka mwezi wathunthu. Kale Let's Encrypt ankatumiza imelo yochenjeza kuti setifiketi yatsala pang'ono kutha, koma anasiya mu Juni 2025. Ndiye woyamba kukuuzani adzakhala kasitomala pa foni, atatumiza chithunzi cha Chrome cholembedwa NET::ERR_CERT_DATE_INVALID. Ngati munayatsa HSTS, lamulo louza browser kuti izitsegula webusayiti pa HTTPS pokha, alendo sadzapatsidwa ndi mwayi womwe wodutsa chenjezolo. Ngati webusayitiyo imalandira malipiro a pa foni, ma callback otsimikizira kuti munthu walipira adzakanidwanso, ndalama zachoka kwa wogula koma oda ikuonekabe ngati yosalipiridwa. Kumasula chimenecho ndi anthu okwiya si ntchito yaing'ono.

Taonaninso zimene library imeneyi yanyamula. Ili ndi private key ya webusayiti, ili ndi key ya akaunti yanu ya ACME, kawirikawiri imathamanga ngati root (ndi mphamvu zonse pa seva), ndipo ngati mumatsimikizira kudzera pa DNS, ili ndi token yosinthira ma rekodi a domain yonse. Mu Juni 2023 kunapezeka kuti acme.sh, client ina ya ACME, inali ndi chibowo cholola seva yopereka setifiketi kuthamangitsa ma command pa makina a munthu. Chinatsekedwa m'masiku ochepa chifukwa panali anthu oyang'anira. Chibowo chotere chikapezeka mu library yanuyo, adzachitseka ndani?

Mwini wakeyo sindikumuimba mlandu ayi. Ambiri amalemba zinthu zimenezi mwaulere, usiku ataweruka kuntchito, ndipo amatopa. Ngakhale OpenSSL, imene theka la dziko linkaidalira, inali m'manja mwa anthu ochepa kwambiri pamene chibowo chake chotchedwa Heartbleed chinatulukira mu Epulo 2014. Mutu umodzi susenza denga. Mwini library yanu wasiya, koma udindo wa webusayiti ya kasitomala ndi wanu.

Kutsogoloku nthawi ikufupika. Mu Epulo 2025 CA/Browser Forum, bungwe loika malamulo a ma setifiketi, inavomereza kuti moyo wa setifiketi usapitirire masiku 200 kuyambira Malichi 2026, masiku 100 mu 2027, ndi masiku 47 mu 2029. Tsegulani code ya library yanu muone mmene imawerengera nthawi. Ngati inalembedwa kuti idikire masiku 60 isanatenge ina, setifiketi ya masiku 47 idzatha iyo idakadikira.

Zochita zake si zovuta. Ntchito ya setifiketi ichotseni mu code ya pulogalamu yanu, muipereke kwa chida chimene anthu ambiri akuchigwiritsa ntchito ndipo chikukonzedwabe. Pa seva ya Nginx kapena Apache, Certbot ya EFF ndi yokwanira. Caddy imadzitengera yokha ma setifiketi, ndipo ngati mumalemba Go pali lego. Yesani kaye pa staging (seva yoyeserera) ya Let's Encrypt kuti musagunde malire a chiwerengero cha ma setifiketi, kenako thamangitsani certbot renew --dry-run muone ngati zikudutsa. Onetsetsani kuti seva ikupanga reload setifiketi yatsopano ikabwera, chifukwa fayilo ikhoza kukhala yatsopano pa disk koma Nginx ikuperekabe yakale. Cron yakale ichotseni kuti ziwirizi zisamalimbane, ndipo token ya DNS imene library ija inkagwiritsa ntchito muiphe, mupange ina.

Wina anganene zoti mungopanga fork, kutanthauza kukopera code yake n'kumaikonza nokha. Zimatheka, koma ndiye kuti inuyo mwasanduka mwini wake: muziwerenga RFC 8555, chikalata chofotokoza ACME, muzitsata zolengeza za Let's Encrypt, muzikonzanso ma dependency ake. Pa webusayiti imodzi ya kasitomala, ine sindingalowe m'zimenezo.

Kaya musankha chida chiti, ikani chowunikira cha kunja kwa seva yanu, choti tsiku lililonse chiziona setifiketi imene alendo akupatsidwa ndipo chizikutumizirani uthenga masiku akatsika pansi pa 20. Uthengawo uzipita kwa anthu awiri, osati inu nokha.