Tifunseni za Mbale, Makaseti ndi Mabuku Akale

FUNSO: Bambo, ndine mayi wa ku Lizulu. Apongozi anga aamuna anatisiya chaka chatha. Pokonza m'nyumba mwawo tinapeza bokosi lachitsulo lomwe anabwera nalo kuchokera ku Joni. M'kati muli mbale zakuda zolemera zokwana 23, zina zolembedwa Gallotone, zina Troubadour. Ziwiri n'zosweka, ndipo galamafoni yake inafa kalekale. Mnyamata wina wogula zinthu zakale akuti atipatse K40,000 pa zonse. Bambo a kunyumba akuti tigulitse tiwonjezere pa feteleza, koma ine mtima ukukana. Titani?

YANKHO: Mayi, pepani ndi zovutazo. Mnyamatayo muuzeni abwere mwezi wamawa. Ndalama akutchulayo siikwana ngakhale thumba limodzi la feteleza pa mtengo wa m'sitolo, ndiye palibe chimene chikuthawa.

Mbale zanuzo ndi zija zimazungulira maulendo 78 pa mphindi imodzi, ndipo mbali iliyonse imakhala ndi nyimbo ya mphindi zitatu kapena kupitirira pang'ono. Si za pulasitiki ayi. Anazipanga ndi utomoni wotchedwa shellac, wochokera ku tizilombo tina ta m'mitengo ya ku India ndi maiko oyandikana nawo, wosakaniza ndi fumbi la miyala. N'chifukwa chake zimalemera, ndipo ikangogwa pansi imasweka ngati mphika wadothi. Chinthu chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse ndi ichi: musazipukute ndi sipiliti. Sipiliti amasungunula shellac, mbaleyo imasanduka phala pamwamba pake, nyimbo n'kutheratu. Tengani kansalu kofewa, kanyowetseni m'madzi oyera, pukutani motsatira mizere mozungulira, osanyowetsa kapepala kapakati paja. Ziume pamthunzi, kenako muziimike chilili, iliyonse m'chikwama chake chapepala. Kuzisanjikiza mulu kumaswa zapansi.

Tsono za mtengo. Gallotone ndi dzina la kampani ya Gallo, yomwe Eric Gallo anayambitsa ku Johannesburg mu 1926. Troubadour inali mnzake wopikisana naye m'zaka za m'ma 1950. Azibambo athu a kuno ku Dedza ndi Ntcheu amene ankapita ku migodi kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za ku migodi ya ku Joni, ankabwerako ndi njinga, chikhothi, galamafoni ndi mbale zoterezi. Ulendowo unaima mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo ngakhale unadzayambanso pansi pa TEBA, bungwe limene linalowa m'malo mwa Wenela, nthawi ya galamafoni inali itadutsa. Zambiri mwa mbale zimene ankagula zinali za kwela ndi jive, monga za Spokes Mashiyane woimba kachitoliro uja. Zimenezo anazipanga zochuluka zedi, choncho musadabwe kupeza kuti zina mtengo wake ndi wochepa, makamaka ngati zinakalika ndi singano yobuntha.

Koma werengani kapepala kapakati pa mbale iliyonse, mbali zonse ziwiri. Nthawi zambiri ankalembapo chiyankhulo cha nyimboyo. Mukapeza yolembedwa kuti Nyanja, ikeni padera. Kuno ku Nyasaland kunalibe fakitale yopangira mbale. Woimba wa kwathu ankayenera kujambulitsa ku Salisbury (lero Harare) kapena ku Joni, kapena kukumana ndi alendo oyenda ndi makina monga Hugh Tracey, yemwe anajambula nyimbo m'dziko muno mu 1950, 1957 ndi 1958. Zojambula zake zikusungidwa ku International Library of African Music, ku Rhodes University m'dziko la South Africa. Mbale za Chinyanja sankazipanga zambiri, ndipo zimene zinafika kumudzi zambiri zinathera m'manja mwa ana ngati zoseweretsa. Mbale imodzi yotere ingathe kuposa mtengo wa zina zonse 22 pamodzi, ndipo wogula zinthu zakale amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake amafuna bokosi lonse pa mtengo umodzi.

Tumani mwana wa sukulu alembe m'kope dzina la kampani, nambala ya mbale, woimba ndi nyimbo. Wina wa foni ya intaneti afufuze manambalawo pa Discogs, tsamba la pa intaneti pamene anthu amagulitsirana mbale za nyimbo. Pamenepo muziyang'ana mtengo umene mbale inagulidwadi, osati umene wogulitsa akulakalaka. Zoswekazo musataye, mapepala ake apakati ali ndi mbiri.

Komanso, mayi, katunduyu ndi wa malemu. Alamu anu onse adziwe musanachite kanthu, kuopa kuti mbale za nyimbo zingadzetse mlandu wa kwa mfumu. Ngati alipo azakhali amene akukumbukira nyimbo imene malemuwo ankaikonda pa Khirisimasi, afunseni, mulembe m'kope lomwelo.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndimakhala ku Bembeke. Ndinagula buku la sewero la The Rainmaker pa mabuku oyala pansi ku Lilongwe. Patsamba loyamba pali dzina la wolemba wake lolembedwa ndi cholembera cha buluu. Ndidziwa bwanji kuti anasayina ndi mwini wake? Palinso chidindo cha sukulu ina ndi dzina la munthu wina, zomwe ndikufuna kufufuta kuti buku lioneke bwino.

YANKHO: Aphunzitsi, labalayo ibwezereni m'thumba kaye. Tiyambe ndi siginecha.

Sewero limeneli analemba ndi Steve Chimombo, lofotokoza nkhani ya M'bona, ndipo linasindikizidwa ndi Popular Publications mu 1978. A Chimombo anaphunzitsa zaka zambiri ku Chancellor College ku Zomba, anamwalira mu 2015. Ubwino wake ndi woti ophunzira awo ndi anthu amene anagwira nawo ntchito alipo ambiri, ndipo ena akusunga makalata kapena mabuku amene anawasayinira pamaso pawo. Umboni woyamba ndi umenewo: kuika buku lanu pambali pa lina lodziwika bwino chiyambi chake. Osafanizira ndi limodzi lokha, chifukwa dzanja la munthu limasintha ndi zaka.

Musanayende ulendo umenewo, chitani izi pakhomo. Tembenuzani tsambalo, muyendetse chala kumbuyo kwake. Cholembera cha bolopeni chimasiya kanjira kotukuka komveka ku chala. Ngati palibe, mwina dzinalo linasindikizidwa ndi makina pamodzi ndi buku. Kenako pitani nalo pawindo m'mawa dzuwa likadali lopendeka, muyang'ane mizereyo ndi magalasi anu owerengera. Munthu wosayina dzina lake salingalira, dzanja limangothamanga, mzere umayamba mwamphamvu n'kuthera mopyapyala. Wokopera amayenda pang'onopang'ono, mzere wake umanjenjemera, ndipo mumaona timadontho ta inki pamene anaima kuti ayang'anenso chimene akukoperacho.

Kunena zoona, kuno kwathu sindiopa kwambiri akuba okopera siginecha, poti msika wake ndi waung'ono. Chimene ndimakumana nacho kawirikawiri ndi mwana wa Fomu 3 amene anatopa m'kalasi n'kuyamba kulemba dzina la wolemba buku mokongoletsa. Inu mwaphunzitsa, mukuwadziwa. Dzina likakhala lolembedwa bwinobwino chilembo chilichonse, lopanda tsiku, lopanda mawu ena alionse, m'buku la chidindo cha sukulu, ine ndimayamba ndakayika.

Chidindocho ndi dzina la munthu winayo musazichotse. Choyamba, mudzang'amba pepala, chifukwa mapepala a mabuku athu a nthawi imeneyo ndi osalimba. Chachiwiri, zimenezo ndi mboni zanu. Ngati mwini dzinalo apezeka, n'kunena kuti wolembayo anabwera pasukulu pathu chaka chakuti gulu lathu likuchita seweroli, siginecha yanu yapeza mwini. Amalonda ena a ku Ulaya amakonda buku la siginecha yokhayokha, lopanda dzina la wolandira. Ine ndimasiyana nawo. Buku lolembedwa kuti kwa uje, Zomba, tsiku lakuti, limandiuza kumene linayenda, ndipo wokopera savutika kulemba mawu ambiri chotero poopa kugwidwa. Kungoti onetsetsani ngati pali chidindo china chosonyeza kuti sukuluyo inalichotsa yokha m'laibulale. Ngati palibe, mwina buku lanu linatuluka pawindo, ndipo zimenezo muzilingalire nokha ngati mphunzitsi.

Tengani pepala lapadera, mulembe ndi pensulo kumene munagula, tsiku ndi mtengo, muliike m'kati. Selotepi ayi. Imasanduka yachikasu n'kusiya banga losachoka. Kumata tsamba ndi pulasitiki ya makina ija amamatira ma satifiketi ndiye kulipha kumene.

Poti mwayamba kukonda za zisudzo, ndikutsineni khutu. Mabuku a masewero alipo ndithu, monga Nine Malawian Plays limene James Gibbs anasonkhanitsa mu 1976. Koma masewero ambiri a m'dziko muno sanalowe m'buku. Du Chisiza Jr anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, anamwalira mu 1999 ali ndi zaka 35 zokha, atalemba masewero ochuluka kuposa amene anasindikizidwa. Gertrude Kamkwatira anatisiya mu 2006, John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo aja, nawonso anapita. Chimene chikusowa kwenikweni lero ndi mapepala amene aliyense ankawaona ngati zinyalala: chikalata chomata pamtengo cholengeza sewero, tikiti ya pakhomo, ndi masewero otayipa pa sitensulo amene sukulu zinkapita nawo ku mpikisano wa zisudzo wa ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi. M'makabati a aphunzitsi anzanu opuma muli zimenezi, ndipo ana awo adzakulungira mandasi mukachedwa.

Pafupi nanu pomwepo, mukatsika ku Mua, pali Kungoni Centre, malo osungirako za chikhalidwe ndi zaluso, imene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Buku lawo lalikulu la Gule Wamkulu, When Animals Sing and Spirits Dance, linatuluka mu 2012, ndipo ndi loyenera kukhala pa shelefu ya munthu wa ku Dedza. Bukulo sungani. Koma wina akakubweretserani chinthu chochokera kudambwe kuti mugule, mukane. Zimenezo zili ndi eni ake, ndipo chilombo sichisayina.

FUNSO: Akulu, ndili ndi zaka 19, ndimakhala pa boma la Ntcheu. Mayi anga anandipatsa katoni ya makaseti a Alleluya Band, Lucius Banda ndi Evison Matafale. Ndingasiyanitse bwanji enieni ndi odabingidwa? Ndipo ndikakumana ndi woimba, asayine pati?

YANKHO: Mphwanga, wachita mwayi, poti anzako ambiri makaseti otere anawasolola n'kumangira m'dimba kuopsezera mbalame.

Yamba ndi chikuto. Chenicheni chimakhala chosindikizidwa bwino, zilembo zazing'ono zimawerengeka, ndipo kawirikawiri pamakhala dzina la situdiyo ndi la wofalitsa. Ambiri a nthawi imeneyo ankadutsa kwa O.G. Issa ku Limbe. Chodabinga chimakhala fotokope yozimiririka, kapena dzina lolemba pamanja pa kaseti ya TDK kapena Sony yogula yopanda kanthu. Yang'ananso kachizindikiro komata ka COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso lomwe linayamba mu 1992. Kakakhalapo ndi umboni wabwino. Kakasowa usafulumire kutaya, chifukwa makaseti ena anatuluka dongosolo limeneli lisanayambe, ndipo ena kanamatuka.

Usaike kaseti yokhalitsa m'wailesi mwachindunji. Lowetsa bolopeni pabowo, uzungulize pang'onopang'ono mpaka kumapeto kuti tepi imasuke. Ona ngati kathonje kakang'ono ka pansi pa tepi kalipo, chifukwa kakagwa mawu amamveka ngati akuchokera m'madzi. Uwasunge kutali ndi masipika, poti maginito amafufuta nyimbo, komanso kutali ndi dzuwa. Kusamutsira nyimbozo pa kompyuta kuti tepi ipume ndi nzeru, koma ukayamba kuzibena n'kumagulitsa pamsika walakwira lamulo la umwini la 2016, ndiponso wabera ana amasiye a oimbawo.

Woimba asayine pa pepala la chikuto, osati pa kabokosi ka pulasitiki pamene inki imafufutika ndi thukuta la m'manja. Um'pemphe mwaulemu alembenso tsiku ndi malo, mnzako ajambule chithunzi akusayina. Dikira amalize kuimba, usam'tsekereze akukwera pa siteji.

Masiku uziwasunga m'mutu, amathandiza kugwira bodza. Matafale anamwalira mu Novembala 2001 atatulutsa Kuyimba 1 ndi Kuyimba 2. Zotsatira zake anatulutsa ndi a Black Missionaries iye atapita. Ndiye wina akadzakuonetsa Kuyimba 3 yosayinidwa ndi Matafale, ungoseka n'kumapita. Lucius Banda anamwalira pa 30 Juni 2024, ndipo poti anaimba m'maboma onse kwa zaka zambiri, zinthu zimene anasayina zilipo zochulukirapo. Usalole munthu akukweze mtengo ponena kuti yake ndi yokhayo.

FUNSO: Mabuku anga akununkha chinyezi ndipo ayamba timadontho tofiirira. Ndimakhala ku Dedza boma, m'munsi mwa phiri.

YANKHO: Ndife oyandikana, achimwene, vuto limenelo ndi la tonse okhala kuno. Kuzizira sikuwononga buku, chimene chimawononga ndi chinyezi cha nthawi ya mvula ndi nkhungu ija imatsika m'phiri. Shelefu isagunde khoma lakunja, musiye mpata wolowa dzanja, ndipo thabwa lapansi likhale lokwera kuti chiswe chikayamba kumanga muchione msanga. Musatsekere mabuku m'majumbo, chinyezi chimatsekeredwa momwemo. Tsiku lowala bwino atulutseni pakhonde pamthunzi, muwaimike otsegula pang'ono kuti mphepo idutse m'masamba, kenako muchotse nkhunguyo ndi kaburashi kofewa muli panja, mutavala kansalu kumphuno. Padzuwa ayi, zikuto zimapindika ndipo inki ya siginecha imazimirira. Timadontho tofiirirato sitichoka, musalimbane nato ndi jiki. Buku limene lagwidwa kwambiri lipatuleni kwa anzake mpaka fungo litatha.