Kunyamuka mwaliwiro ndi launch control: mafunso a mwini Mustang

Mafunso a lero achokera kwa bambo wina amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Iwo anagula Ford Mustang GT ya 2016 yogwiritsidwapo kale ntchito, ya injini ya V8 ya malita 5.0 ndi giya ya pamanja, ndipo ayamba kupita nayo ku bwalo la mpikisano masiku amene bwalolo limatsegulidwa kwa aliyense.

Funso: Ndikayatsa launch control, n'kuponda moto mpaka pansi, n'kusiya kilatchi, matayala akumbuyo amangopalasa ndi kufuka utsi, ndipo mnzanga wa galimoto yaing'ono amandisiya. Kodi chipangizochi chinawonongeka?

Yankho: Bambo, ndikukayika kuti chinawonongeka. Launch control, chipangizo cha kompyuta chothandiza galimoto kunyamuka mwaliwiro, siwonjezera mphamvu ya injini, ndipo siwonjezeranso kagwiridwe ka tayala pa phula. Ntchito yake ndi kugawira matayala mphamvu yokhayo imene angathe kuilandira. Mukaima, chiwongolero chili chowongoka, kilatchi ili pansi, giya ili pa 1, kompyuta imagwira injini pa rpm (kuchuluka kwa maulendo amene injini imazungulira pa mphindi) imene munasankha ngakhale phazi lanu litaponderatu moto. Mukangosiya kilatchi, kompyutayo imawerenga masensa a ABS (chipangizo choletsa magudumu kumangika poponda mabuleki) amene ali pa gudumu lililonse n'kuyerekeza liwiro la matayala akutsogolo, amene amangokankhidwa, ndi la akumbuyo, amene akukankha. Ikaona kuti akumbuyo athamanga kwambiri kuposa anzawo, imachepetsa mphamvu pochedwetsa moto wa mapulagi kapena kutsekako njira ya mpweya wolowa m'injini. Siifuna kuti kupalasako kutheretu, chifukwa tayala limagwira bwino koposa likamazungulira mofulumirapo pang'ono kuposa mmene galimoto ikuyendera.

Vuto lagona apa: mphamvu yonse ya V8 imeneyo imafika pansi kudzera pa matayala awiri okha, ndipo gawo la tayala lililonse limene likukhudza phula n'longa chikhatho cha munthu wamkulu. Injini yolemera ili kutsogolo. Galimoto ikayamba kusuntha, kulemera kumasamukira kumbuyo n'kupanikiza matayala akumbuyo, koma pa kamphindi koyambirira kusamukako kumakhala kusanachitike. Ngati galimoto ya mnzanuyo imakoka ndi matayala onse anayi, ilibe vuto limeneli, n'chifukwa chake imakusiyani ponyamuka ngakhale injini yake ili yaing'ono.

Choncho musanapite ku galaja, gwadani pansi muyang'ane matayala. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi omaliza pa mzere woyamba ndi zilembo za DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa. Tayala la zaka zambiri limauma ngakhale mapanga ake akuoneka akuya, ndipo mukalikanikiza ndi chikhadabo mumamva lili gwa ngati pulasitiki. Palibe kompyuta imene ingagwiritse tayala lotero pa phula.

Funso: Nanga rpm yoyenera ndi iti? Ine ndimaika yapamwamba kwambiri poganiza kuti ndi pamene pali mphamvu.

Yankho: Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Pa Mustang GT ya zaka zimenezo mungasankhe pakati pa 3,000 ndi 4,500 rpm, ndipo ya pamwambayo ndi yoyenera matayala ofewa a mpikisano pa msewu wothiridwa mankhwala omata. Pa matayala wamba yambani ndi yotsikitsitsa. Nyamukani kawiri kapena katatu, muone kapepala ka nthawi kamene amakupatsani kumapeto, kenako mukweze pang'ono. Pa kapepalako musathamangire nambala ya mtunda wonse wa mpikisanowo, umene ndi mamita 402. Yang'anani ya mafiti 60 oyambirira, amene ndi mamita 18, pakuti imeneyo ndi imene imaulula ngati mwanyamuka bwino. Injini ikafooka ngati ikufuna kuzima mutangosiya kilatchi, rpm yachepa. Matayala akalira nthawi yaitali, yachuluka. Yoyenera ndi imene tayala limangolira kamodzi mwachidule galimoto n'kuchoka.

Malo amene muli akukhudzanso nkhaniyi. Johannesburg ili pamwamba, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wake ndi wopepuka, kotero injini yopanda turbo kapena supercharger (zipangizo zokankhira mpweya wambiri m'injini) ngati yanuyi imataya mphamvu pakati pa 15 ndi 18 peresenti. Nambala imene yakuyenderani ku bwalo la Tarlton, kufupi ndi Krugersdorp, ikhoza kukupalasitsani mutapita ku bwalo la Killarney ku Cape Town, kumene kuli kufupi ndi nyanja ndipo injini siitaya mphamvu. Ngakhale pa bwalo lomwelo, m'mawa mozizira ndi masana dzuwa litatentha phula sizifanana.

Za phazi lamanzere ndinene izi: siyani kilatchi mwachangu koma osachita kuchotsa phazi cham'mbali kuti ikamenye yokha, ndiponso osaigwiragwira pakati. Kuimenyetsa kumagwedeza giyabokosi ndi difu (chiwalo chogawira mphamvu ku magudumu awiri akumbuyo), pomwe kuigwira pakati kumaiwotcha.

Funso: Nthawi zina kumbuyo kwa galimoto kumanjanja mwamphamvu, kumveka gu-gu-gu ngati wina akumenya pansi ndi nyundo. N'chiyani chimenechi?

Yankho: Ili ndi funso limene ndikufuna mulimvetsetse kuposa ena onse, chifukwa kunjanja kumeneku, kumene amisiri amati wheel hop, ndi kumene kumathyola zitsulo. Tayala limagwira phula, mphamvu n'kupotokola mabushi a labala amene amagwira difu ndi chimango cha kumbuyo. Labalayo akafika polekezera amabwerera ngati legeni, tayala n'kutaya phula, kenako n'kugwiranso, ndipo izi zimabwerezeka kangapo pa sekondi imodzi. Mustang kuyambira ya 2015 ili ndi miyendo yakumbuyo yoyenda payokhapayokha, imene inathandiza kwambiri pokhota ndi pa mabampu, koma ili ndi mabushi ambiri amene amalola kugwedera kumeneku.

Nthawi iliyonse tayala likagwira mwadzidzidzi, mashafuti awiri ochoka pa difu kupita ku magudumu amalandira chibakera. Ndinagwirapo m'manja shafuti imene inaduka motere. Mano ake a kumapeto anali atapotoka ngati chingwe chopota, ndipo poduka panali posalala mbali imodzi, kusonyeza kuti mng'alu unayamba kale pa maulendo a m'mbuyo, chitsulo n'kudzangomaliza tsiku limenelo. Mwini wake ankati inaduka popanda chenjezo, koma chenjezo linali kunjanja kumene ankakunyalanyaza.

Mukangomva kunjanjako, chotsani phazi pa moto nthawi yomweyo, ulendo umenewo muutaye. Musayese kupitiriza poganiza kuti kusiya kokha. Mankhwala ake okhalitsa ndi matayala ofewa m'mbali, mabushi olimbirapo ndi zitsulo zomangira chimango cha kumbuyo, komanso kuonetsetsa kuti ma shock absorber sanathe. Kampani ya Dodge inaona vutoli kukhala lalikulu moti pa Challenger SRT Demon ya 2018 inaikamo Launch Assist, imene imazindikira kunjanja kudzera m'masensa a magudumu n'kuchepetsa mphamvu mwakanthawi.

Funso: Ndaona anthu akuwotcha matayala asananyamuke. Kodi nanenso ndizitero? Ndipo n'chifukwa chiyani galimoto za ku America zimene ndimaziona pa intaneti zimanyamuka ngati chipolopolo?

Yankho: Ford inaika line lock pa Mustang GT kuyambira 2015. Imagwira mabuleki akutsogolo okha kwa masekondi osapitirira 15, akumbuyo n'kukhala omasuka kuti apalase. Cholinga chake ndi kutenthetsa matayala a mpikisano, amene labala wake amamata akatentha. Tayala wamba silipindula ndi utsi wochuluka. Likatenthedwa kwambiri limayamba kuterera. Inu zungulirani malo owotchera matayala amene amathirapo madzi kufupi ndi mzere wonyamukira, musalowemo, chifukwa madzi amabisala m'mapanga a tayala n'kudonthera pa mzere wonyamukira, kenako mungopalasa pang'ono kuti muchotse timiyala ndi fumbi.

Zimene mumaona pa intaneti zili ndi maziko ake. Demon ija inkatulutsa 840 horsepower ikamwa mafuta a mpikisano a octane 100, ndipo inamaliza mamita 402 m'masekondi 9.65. Koma onani zimene inali nazo: inkachoka ku fakitale itavala matayala a mpikisano a Nitto otambalala mamilimita 315, giya yake inali ya otomatiki yokhala ndi TransBrake, imene imamanga giyabokosi mkati injini ili kukoka n'kuimasula dalaivala akangosiya kachitsulo ka pa chiwongolero, ndipo miyendo yake inakonzedwa kuti kutsogolo kudzuke, kulemera kupite kumbuyo. Nthawiyo inapezeka pa msewu womata. Galimoto yomweyo mutaiika pa phula lafumbi ndi matayala ouma, ikhoza kupalasa kuposa yanu.

Funso: Kodi ndikuwononga galimoto yanga?

Yankho: Mukuifupikitsira moyo wa ziwalo zina, ndipo ndi bwino kuvomereza zimenezo poyera. Launch control imateteza ku kulakwitsa kwakukulu, koma ulendo uliwonse umadya kilatchi, mabushi, mafuta a difu ndi matayala. Musayambe injini isanatenthe mokwanira, ndipo pakati pa maulendo muziyendetsa galimoto pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo kuti kilatchi izizire. Fungo lakuthwa longa la mabuleki opsa likalowa m'galimoto, tsiku limenelo lakwana. Dziwaninso kuti Ford inanena kuti zipangizozi ndi za pa bwalo la mpikisano basi, ndipo zowonongeka pa mpikisano sizilowa m'chitsimikizo cha kampani. Muwerengenso bwino mapepala anu a inshuwalansi.

Pa msewu wa anthu onse musayese, ngakhale usiku kutakhala zii. Galimoto yokankha ndi matayala akumbuyo ikapalasa, tayala limodzi likapeza mchenga kapena mzere wa penti, mbuyo imatembenukira kumbali mofulumira kuposa mmene manja angabwezere, ndipo m'mbali mwa msewu mumakhala anthu oyenda pansi. Pa bwalo pali makoma, pali ozimitsa moto, ndipo kutsogolo kwanu kulibe munthu.

Musanapite ulendo wotsatira, kwezani galimoto muone ngati malabala otchinga mashafuti sanang'ambike ndi kumwaza girizi, mugwedeze gudumu lililonse lakumbuyo kuti mumve ngati pali kusewera, ndipo mutenge geji yanu ya mpweya. Pa bwalopo mukhoza kuchepetsako mpweya wa matayala akumbuyo pang'ono, koma mubwezeretse mlingo wolembedwa pa chitseko cha dalaivala musanalowe mumsewu wobwerera kunyumba.