Mafunso a Owerenga: Kodi ndingachepetse wonga kuti ndiwombere mitu ya mtovu?

Funso: Akonzi, ndimakhala ku Mufakose kuno ku Harare, ndipo ndili ndi mfuti ziwiri zachilolezo, .30-06 yosakira nyama ndi .303 ya Lee-Enfield yowombera chandamale. Popeza zipolopolo za .303 zakwera mtengo, mnzanga wandiumbira mitu ya mtovu kuti ndizidzaza ndekha zigoba zakale. Kunyumba ndili ndi wonga wa S365 umene ndimadzazira .30-06. Kodi ndingathire theka la muyeso wake kuti mtovu usathamange kwambiri ndiponso kuti mfuti isamandimenye phewa?

Yankho: Bambo, musachite zimenezo, ndipo chitini cha S365 chikhalebe cha .30-06 yokha. Mwalondola poganiza kuti mutu wa mtovu umafuna liwiro lochepa. Chipolopolo cha asilikali cha .303, cha mtundu wa Mark VII, chimatuluka mumpope pa liwiro la mafiti pafupifupi 2,440 pa sekondi, ndipo chimapirira chifukwa mutu wake ndi wokutidwa ndi chitsulo cholimba. Mtovu wopanda chokutira ukathamangitsidwa chotero umanyotsoka n'kumatirira m'mizere ya mumpope, ndipo mfuti imayamba kumwaza. Mutu wa pansi pofwatalala umayenda bwino mpaka liwiro la mafiti pafupifupi 1,400 pa sekondi, pamene wovekedwa kachipewa ka mkuwa kumunsi, kamene odzaza zipolopolo amakatcha gas check, ungafike cha m'ma 1,800 kapena 2,000. Pamene mwaphonya ndi pa njira yochepetsera liwirolo, chifukwa chofunika kusintha ndi mtundu wa wonga, osati kuchuluka kwake kokha.

Wonga wamakono umasiyana pa kufulumira kwa kayakidwe kake. Wina umayaka ngati udzu wouma, wina ngati chipika cha tsanya chimene chimafuna ng'anjo yotentha kale kuti chigwire moto. S365 ndi mnzake S385, amene amapangidwa ndi Somchem ku Somerset West ku South Africa, ali m'gulu la woyaka pang'onopang'ono, limodzi ndi IMR 4350 ndi H4831 a ku malonda a ku America. Wonga wotere unapangidwa kuti udzaze pafupifupi chigoba chonse ndi kuyaka mpweya utapanikizana kwambiri. Mukathira theka, moto wa primer, kachipangizo ka kumunsi kwa chigoba kamene kamayatsa wonga, umadutsa pamwamba pa wonga wogona pansi pa chigoba, kuyaka kumakhala kwa patalipatali, chipolopolo china chimachedwa kulira mutakoka kale, ndipo mutu ukhoza kutsakamira mumpope osatuluka. Choopsa kwambiri n'chakuti muyeso wochepa wa wonga wa mtundu umenewu wakhala ukutchulidwa pa ngozi za kuphulika kwa mfuti, ndipo n'chifukwa chake mabuku a opanga wonga amaletsa kutsika kupitirira muyeso woyambira umene anasindikiza.

Wonga woyenera mtovu uli m'magulu awiri. Loyamba ndi la wofulumira kwambiri, wa mfuti zam'manja ndi za zifefe, monga Red Dot ndi Unique a Alliant, kapena MP200 wa Somchem. Umayaka wonse ngakhale mpweya usanapanikizane kwambiri, umapereka liwiro lotsika loyenera chandamale cha pa mamita 50, ndipo chitini chimodzi chimakhalitsa, poti wonga umayesedwa m'ma grain ndipo paundi imodzi ili ndi ma grain 7,000. Komabe ine sindiulimbikitsa kwa munthu amene akuyamba kumene. Muyeso wake ndi wochepa kwambiri moti chigoba cha .303 chimalandira miyeso iwiri popanda kusefukira, ndipo miyeso iwiri ya wonga wofulumira ndi yokwanira kuswa mfuti ndi kuvulaza mwini wake. Lee-Enfield imatsekera kumbuyo kwa bawuti ndipo zambiri mwa mfuti zimenezi zadutsa zaka 70, choncho si mfuti yoyeserapo mwayi.

Gulu lachiwiri ndi la pakatikati, ndipo ndi limene ndingakusankhireni: Alliant 2400, IMR 4227, IMR 4198, Accurate 5744, komanso S265 wa Somchem. Wonga umenewu umatenga malo ooneka m'chigoba, umakankha mtovu mofatsa kusiyana ndi wofulumira uja, ndipo umagwirizana ndi mitu yolemera ma grain 180 mpaka 200 yokhala ndi gas check. Accurate 5744 imadziwika chifukwa chosasamala kwenikweni ngati wonga wagona kutsogolo kapena kumbuyo kwa chigoba. Palinso Trail Boss, wopangidwa ku Australia, umene ndi wopepuka moti umadzaza chigoba msanga ndipo kuthira kawiri kumaonekera nthawi yomweyo, kungoti suyenera kupsinjidwa ndi mutu ndiponso umasowa m'masitolo. Mudzamva anzanu akunena kuti wonga wa mfuti zazikulu ungachepetsedwe kufika pa 60 peresenti ya muyeso wapamwamba. Mfundoyo ndi ya kampani ya Hodgdon, ikunena za wonga wa H4895 wokha, ndipo imagwira ntchito pokhapokha pamene wongawo unalembedwa kale pa chipolopolo chimenecho. Musaisamutsire pa S335 wa Somchem kapena pa wonga wina uliwonse chifukwa chakuti uli pafupi pa mndandanda wa kayakidwe.

Miyeso yeniyeni sindiilemba pano mwadala. Itengeni m'buku la kampani yopanga wonga umene mwagula kapena mu Cast Bullet Handbook ya Lyman, muyambire pa muyeso wapansi, ndipo wonga uliwonse muuyese pasikelo. Mukatha kuthira, imikani zigoba zonse pamzere ndi kuunika m'kati ndi tochi musanaike mutu ngakhale umodzi, kuti chodzaza mosiyana ndi zinzake chioneke. Mukawombera n'kumva kulira kofooka, tsegulani bawuti ndi kuyang'ana mumpope musanaikenso china.

Dziwaninso kuti wonga wabwino sungakonze mutu wosakwana. Mipope ya .303 imayenera kukhala ya mainchesi .311 kapena .312 m'mimba mwake, koma zakale zambiri zimafika .314 ngakhale kupitirira, ndipo mutu wochepa umalola mpweya wotentha kudutsa m'mbali n'kusungunula mtovu. Muuzeni mnzanuyo akankhe kachidutswa ka mtovu wofewa mumpope, akayese, ndipo mituyo ikhale yokulirapo ndi mainchesi .001 kapena .002 kuposa muyeso wa mpopewo. Msanganizo wa Lyman No. 2, wa magawo 90 a mtovu, 5 a tin ndi 5 a antimony, ndi wolimba mokwanira pa liwiro limeneli. Musanagule wonga kapena primer, kafunseni apolisi oona za mfuti zimene chilolezo chanu chikulola pansi pa Firearms Act, Chapter 10:09.

Funso: Ndinamva kuti ena amaika thonje pamwamba pa wonga wochepa kuti usamayendeyende m'chigoba. Kodi n'zabwino? Wowerenga wa ku Mabvuku.

Yankho: Achimwene, ena amachitadi zimenezo ndi ulusi wa dacron, koma chinthucho chikapanikizidwa pansi n'kusiya mpata pakati pa icho ndi mutu, chikhoza kufufumitsa chipinda cha mfuti, mmene chipolopolo chimakhala, n'kusiya mkombero umene sukonzeka, ndipo zigoba zimayamba kuvuta kutuluka. Ngati buku lanu silinatchule thonje pa muyeso umenewo, musaliike. M'malo mwake, pamalo owombera, lozetsani mfuti m'mwamba pang'ono moyang'ana kumene kuli chandamale musanayambe kulunjika, kuti wonga ugwere ku primer mofanana nthawi zonse.