Musawaletse atate anu kuluka malichero

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito ku Lusaka, koma kwawo ndi kumudzi wina wa m'njira ya ku Chadiza mukachoka ku Chipata. Iwo analemba kuti: "Atate anga apitirira zaka 70. Akangotuta chimanga ndi kukumba nshawa, amakhala pansi pa mtengo wa mango tsiku lonse kuluka malichero. Limodzi limawadyera masiku awiri, koma ndalama yake ndi yochepa zedi. Ine ndimawatumizira ndalama mwezi ndi mwezi. Kodi ndiwauze kuti asiye, azipuma?"

Mayi, zikomo pondilembera. Mtima wanu ndaumva, ndi wa mwana wofunira kholo lake zabwino. Koma ine ndikuti musawaletse.

Mlimi wa kuno kum'mawa kwa Zambia chaka chake chili pawiri. Kuyambira mvula ikagwa mu Novembala mpaka kukolola cha mu Meyi ndi Juni, munthu sakhala pansi: kubzala, kupalira, kuthira feteleza, kubandira, kusanja chimanga m'mikukwe. Zikalowa m'nkhokwe, masiku amatalika. Amene ali ndi dimba amathirira rape ndi tomato m'mawa, koma dzuwa likakwera manja amasowa chogwira. Nyengo imeneyi ndiyo makolo athu anaisungira ntchito zamanja. Abambo amasoka mphasa za bango, kuluka nkhokwe, kusema mipini ndi mitondo. Amayi amapita kumtapo kukakumba dothi loumbira miphika ndi mitsuko. Ana amaumba ng'ombe zadothi, kupinda magalimoto a mawaya, kapena kuphika masanje ndi chimanga chokunkha m'minda. Madzulo azibambo amakumba timaenje pansi n'kuyamba nsolo, kukangana mpaka mdima.

Ine ndinakulira pafupi ndi agogo anga aamuna, ndipo anali mmisiri wa malichero ngati atate anuwo. Ndikatseka maso ndimawaonabe. Nsungwi ankasankha yokhwima, yachikasu, chifukwa yanthete ikauma imafota ndipo imafumbwa msanga. Ankaing'amba pakati, kenako pakatinso, mpaka titsale timizere. Ndiye ankayala chisanza pabondo, kuika kamzere kamodzi pamenepo, kukanikiza mpeni, n'kumakoka nsungwiyo m'malo moyendetsa mpeni. Tizipalo tinkapotana ngati tsitsi n'kumagwera kumapazi, nkhuku zikutolatola. Poluka ankakhala pafupi ndi beseni la madzi, kuwazawaza kuti nsungwi isathyoke. Povuta penipeni panali pa mkombero. Apa ankaponda chilukocho ndi phazi kuti chilowe m'kati mwa mkombero, kuboola ndi chitsulo chosongoka, n'kumanga mfundo imodziimodzi. Lichero likatha ankalikoleka kudenga la khitchini kuti utsi ulilowe, lisafumbwe. Agogo aakazi akalitenga kukapetera mphale, iwo ankatchera khutu kumva mmene likulirira, ndipo nkhope yawo inkawala.

N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti musawerengere lichero la atate ndi ndalama yokha. Pansi pa mango paja samakhalapo okha. Odutsa amaima kupereka moni, anzawo amabwera ndi nkhani za maliro ndi milandu ya kwa amfumu, mayi wina amabwera ndi lichero lobooka kuti alikonze. M'mudzimo amadziwika kuti ndi iwo amene amatha. Mukawalanda zimenezi, mwawasiyira chiyani m'mwezi wa Ogasiti ndi Seputembala? Ndaonapo madala ambiri amene ana awo anawauza kuti azingokhala, ndipo posapita nthawi mapazi anawalondolera kumene kumatchezedwa kachasu. Zimandiwawa kwambiri ndikaziona.

Za mtengo wochepazo mukunena zoona, ndipo apa inu ndi amene mungathandize. Kumudzi lichero silikwera mtengo chifukwa ogula nawonso ndi alimi osowa ndalama, ena amangosinthanitsa ndi mbale ya nyemba. Koma ku Lusaka kumene muliko anthu amafuna malichero ndi nsengwa pa maukwati ndi pa kitchen party, ena amakongoletsera zipupa. Mabasi amachoka ku Chipata tsiku ndi tsiku pa Great East Road. Malichero sawola, salemera. Awunjikeni khumi, amangidwe bwino m'thumba, inu muwajambule n'kuika pa WhatsApp kwa anzanu akutchalitchi ndi akuntchito. Ndalamayo powatumizira muziwauza momveka kuti iyi ndi ya malichero anu, atate. Mudzaona mmene adzaisungire mosiyana ndi ya mwezi ndi mwezi ija. Kuno nako ilipo misika: ku Kapata mu Chipata, komanso pa miyambo ikuluikulu imene imasonkhanitsa khamu, monga Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale ndi Kulamba ku Mkaika, ku Katete, kumapeto kwa Ogasiti, kumene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzalambira Kalonga Gawa Undi. Chimodzi chokha: musawasandutse fakitale. Mukayamba kuwaimbira foni kuti ndikufuna makumi atatu pofika Loweruka, chimene chinkawasangalatsa chisanduka ganyu.

Ngati nkhawa yanu ili pa thupi lawo, yang'anani zinthu ziwiri. Msana umawawa munthu akakhala chowerama nthawi yaitali, choncho muwapezere kampando kotsamira ndipo aziimirira kuwongola miyendo. Maso nawo pa msinkhu umenewo amachita chidima. Pitani nawo kuchipatala akawayeze, mwina ndi magalasi chabe amene akufunika. Ntchito yolemetsa ndiyo yokadula ndi kusenza nsungwi, makamaka masiku ano pamene zikusowa ndipo anthu akuzilondola kutali m'mapiri. Imeneyo apatseni anyamata. Ndipo ngati pakhomo pali malo a chinyontho, bzalani tsinde limodzi kapena awiri mvula ikayamba. Nsungwi ikagwira imaphukira yokha chaka ndi chaka.

Simunandifunse za ana anu, koma ndinenapo. Agogo anga aja atamwalira, mwa zidzukulu zawo zonse palibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa kumanga mkombero, ine ndemwe ndinangofika pa kupala nsungwi basi. Lero tikafuna lichero timakagula. Sukulu zikatsekera mu Ogasiti, atumizeni ana kumudzi, kapena mupite nawo. Muwauze atate kuti mwana wamkuluyo amuikire chisanza pabondo n'kumupatsa kamzere kamodzi ka nsungwi. Adzadzicheka chala tsiku loyamba, choncho muike pulasitala m'chikwama.