Funsani Azakhali: za dongo, mtengo ndi nsalu

Mwezi uno makalata ambiri achokera kwa anthu a ntchito zamanja omwe amatengera luso lawo ku zachilengedwe, ndiye ndasankhapo anayi. Ena ndawadula pang'ono chifukwa cha malo.

Funso: Azakhali, ine ndi mtsikana wa ku Linthipe, kuumba ndinaphunzira kwa agogo anga koma ine sindikufuna miphika yokhayokha ayi, ndimafuna ndiziumba zokongoletsera m'nyumba zooneka ngati malambe ndi mateme. Vuto ndi loti ndikaotcha zambiri zimang'aluka, zina zimachita kuphulika pamoto. Ndikuphonya pati?

Yankho: Mwana wanga, chomwe chikuphulitsa ntchito yakoyo ndi madzi basi. Dongo limatha kuoneka louma kunja mkati muli chinyezi, ndiye moto ukafika madigiri 100 madzi aja amasanduka nthunzi, nthunzi ikasowa potulukira imaswa khoma. Mphika wa agogo suvuta chifukwa kukamwa kwake nkotseguka komanso manja awo anazolowera kupanga khoma lofanana paliponse, pomwe dambe lakolo ndi lotsekeka mbali zonse, mwinanso pansi ndi ponenepa kuposa pamwamba. Uziboola kabowo pansi olo kakang'ono ngati ka msomali, ndipo khoma lisanenepe kuposa chala chako.

Poumitsa usathamange. Masiku oyamba uzifunditsa masamba a nthochi kapena pepala la pulasitiki, pamthunzi posawomba mphepo, kenako nkumavundukula pang'onopang'ono, ndipo kwanuko miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira nde uwonjezere masiku. Ukafuna kudziwa ngati chauma chigunditse patsaya, chikamazizira ndiye kuti madzi akadalimo. Tsiku lootcha uyambe wachiwamba pambali pa moto ukuchitembenuza mpaka chitenthe chosagwirika, ukatero ndi pomwe uunjikire nkhuni ndi makungwa. Komanso uwafunse agogowo za mapale, kusinja mapale a miphika yakale nkusakaniza ndi mtapo kumathandiza kuti dongo lisakhwinyate kwambiri komanso lipirire moto. Mtapo wa dambo lililonse uli ndi khalidwe lake, nde ukakumba pamalo patsopano umbe kandodo ka masentimita 10, ukayezenso kakauma ndi kakapsa, uona wekha kuti dongo limenelo limabwerera bwanji.

Koma pali china chomwe sunafunse. Usaumbe dambe la m'mutu mwako. Tenga lenileni ulisunge pomwe umagwirira ntchito, uone kuti silili lozungulira bwinobwino, mbali ina ndi yotupa, kuphata kuli kapesi kolimba kopindika, khungu lake lili ndi tiubweya tofiirira, uliswe uone ulusi womwe wagwira nthanga zija mkati. Chitsononkho ukachigubuduza padongo lofewa chimasiya timabowo tofanana ndi khungu limenelo, pomwe mateme amafuna kusalala ndiye apo ndi ntchito ya nkhulungo dongo likangoyamba kulimba. Magdalene Odundo, mayi wobadwira ku Nairobi mu 1950 yemwe mitsuko yake ili m'mamyuziyamu akuluakulu, amaumba ndi manja osagwiritsa makina ozungulira oumbira aja, amakulungiza mpaka mtsuko uwale wopanda gilezi, zopaka zowala ngati galasi zija, ndipo kuda kwake kumachokera ku moto woumanidwa mpweya. Iwenso ungathe, ukachiphula chili chofiira ndi moto chikwirire mu utuchi kapena ndowe zouma, utsi umalowa chimada bii.

Funso: Azakhali, ndimasema ziboliboli kufupi ndi nyanja ku Salima. Pamsika tonse tili ndi njovu, mvuu, bawo ndi mipando ya mafumu zofanana ndendende moti kasitomala amangoyang'ana wotchipa. Ndipange bwanji kuti zanga zisiyane ndi za anzanga? Phingonso likusowa.

Yankho: Achimwene, funso lanuli landikhudza chifukwa manja aluso tili nawo ambiri koma akutha ndi kukopera. Njovu zambiri za pamsika wosemayo sanatengere njovu, anatengera chiboliboli cha mnzake, mnzakeyonso anatengera cha amalume ake, ndiye pofika lero miyendo ndi makutu zangokhala za chizolowezi. Inu muli ndi mwayi nyanja ili pakhomo. Khalani padoko m'mawa ndi kope ndi pensulo, olo foni yomwe, muone nkhwazi ikamatsika m'mene imatambasulira zala isanagunde madzi, muone mlamba m'mene umapindikira mu bwato. Mvuu ili m'madzi imangoonetsa timakutu, maso ndi mphuno, thupi lonse labisika, nanga bwanji osasema zimenezo zokha pathabwa losalala kuti thabwalo likhale madziwo? Pamsika wanu wonse palibe yemwe ali nacho chimenecho.

Ngati simunafikeko ku Mua pitani, sikutali ndi kwanu. Kungoni Centre, malo a zachikhalidwe ndi zaluso a kumeneko, anaiyambitsa Bambo Claude Boucher Chisale mu 1976 ndipo osema ambiri anaphunzirira pamenepo, mukaona m'mene amalolera mfundo ndi kupindika kwa mtengo kuti ziwatsogolere mmalo molimbana nazo. Ku Zimbabwenso, ku Tengenenge, mudzi wa osema miyala womwe Tom Blomefield anayambitsa mu 1966, ambiri mwa osema miyala oyamba anali ogwira ntchito m'mafamu a fodya ochokera kuno ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola. Mmodzi wa iwo, Fanizani Akuda wobadwira ku Zambia mu 1932, anadziwika ndi nkhope zomwetulira za timaso tolembedwa kamzere, moti ukangoona umadziwa mwini wake usanawerenge dzina. Chimenecho ndi chomwe chimakweza mtengo wa ntchito.

Za phingo ndinene mosabisa. Mtengo umenewu umatenga zaka 70 kapena kuposa kuti ukule bwino, ndipo mkungudza wa ku Mulanje, womwe ndi mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu m'phiri muja, timabokosi tonunkhira ta mkungudza tija tinathandizira nawo kuumaliza. Munthu wokonda chilengedwe mpaka kuchisema sangakhalenso womaliza nkhalango. Mango, jakaranda ndi malaina amasemeka bwino, zitsa ndi mizu ya mitengo yogwa kale ndiye zimabwera ndi maonekedwe akeake. Mukadula chipika pakani phula la kandulo kapena penti kumapeto konse kuti chiume pang'onopang'ono, ndipo ngati nkotheka chiwazeni pakati muchotse mtima chifukwa ming'alu imayambira pamenepo. Zopaka polishi wakuda wa nsapato nkumati ndi phingo zija musiye, muuzeni kasitomala kuti uwu ndi mango, ulusi wake ndi wokongola pawokha.

Funso: Azakhali, ndine telala ku Ndirande. Ndinayesa kunyika nsalu ndi bitiruti komanso chidede, mtundu unatuluka bwino zedi koma nditangochapa kawiri zonse zinasuluka. Anzanga akuti ndizithira mchere wambiri. Ndi zoona?

Yankho: Achemwali, mcherewo sungani wa ndiwo, pa utoto wa zomera suthandiza kwenikweni. Bitiruti ndi chidede zimangodetsa nsalu, sizigwira olo mutatani, ndiye musadziimbe mlandu. Choyamba onetsetsani kuti nsaluyo ndi ya thonje lenileni, dulani kachidutswa muyatse, thonje limanunkha ngati pepala lopsa nkusiya phulusa lofewa pomwe poliyesitala amasungunuka nkuuma kampira kolimba, ndipo ameneyu utoto wa masamba salandira. Kenako wiritsani nsaluyo ndi sopo ndi soda wochapira kwa ola kuti sitachi ndi mafuta a kufakitale zichoke, madzi ake muona m'mene aderamo.

Thonje limafuna kukonzedwa kawiri lisanalowe mu utoto. Muyambe mwaliviika m'madzi a tiyi wakuda kwambiri kapena a makungwa, zinthu zothetha kukamwa zija, kenako m'madzi a kemikolo wotchedwa alamu (alum) yemwe amapezeka mogulitsa makemikolo, ameneyu ndi amene amamanga utoto ku ulusi. Mukatero makoko ouma a anyezi akupatsani chikasu chowala, nthanga za mapeyala zimapereka kamtundu kofiirira kopita ku pinki, ndipo mukafuna imvi kapena kuda ikani misomali ya dzimbiri mu botolo la madzi ndi viniga kwa sabata ziwiri, madzi amenewo akakumana ndi nsalu ya tiyi ija imasintha mukuona. Musachulutse, dzimbiri likachuluka limadya ulusi. Masamba a bulugamu ndiye ndimawakonda kwambiri, mumawayala pansalu yonyowa, nkukulunga molimba pakamtengo, kumanga ndi chingwe, kuika panthunzi ola limodzi kapena awiri, ikazizira mukamasula tsamba lililonse ladinda chithunzi chake mpaka timitsempha. Poto wa ntchito imeneyi akhale wakewake, asabwererenso kukhitchini. Musanagulitse, phimbani theka la kansalu ndi katoni muike pawindo sabata ziwiri muone ngati dzuwa likusulutsa.

Ndipo poti ndinu telala, tizidutswa totsala musamataye. Billie Zangewa, wobadwira ku Blantyre konko mu 1973 ndipo amakhala ku Johannesburg, amasoka pamanja zithunzi za tizidutswa ta silika, ndipo ntchito zake zoyamba zinali zomera ndi nyama zomwe ankakumbukira ku Botswana komwe anakulira.

Funso: Azakhali, ndimafuna makapu anga aziwala ngati a ku Dedza Pottery. Wina wandiuza kuti ndisinje magalasi ndi zamkati mwa batire ya galimoto nkupaka. Ndiyese?

Yankho: Ayi bambo, chonde musayese. Mu batire muli mtovu wa poizoni, umalowa mu tiyi ndi chakudya makamaka zowawasa, ndipo umaononga ubongo wa ana, fumbi lakenso likupwetekani inuyo posinja. Kuwala kwa makapu olimba ngati amenewo kumachokera mu uvuni wofika madigiri 1200 ndi kupitirira, pomwe moto wa pabwalo umathera cha m'ma 600 mpaka 900. Phulusa la nkhuni losefa, losakaniza ndi dongo ndi mwala wa feldspar, limapanga gilezi wokongola wobiriwira koma nalonso limafuna uvuni wotentha choncho. Pakadali pano kulungizani ndi nkhulungo, muziumba zoikamo maluwa ndi zipatso, ndipo poti dongo la moto wochepa limadontha thukuta, muziika kabotolo kagalasi mkati kosungira madzi a maluwawo. Makapu omwera adikire mpaka mutapeza woumba mnzanu wa uvuni woti muzilipirako malo.