Tigule tikiti lero kapena tidikire? Za mipando yapamwamba pa ulendo wa Khrisimasi ku Maldives

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zomwe ndimalemba. Ndaifupikitsa pang'ono, koma akuti:

"Ine ndi bambo a kunyumba tikwanitsa zaka 10 tili m'banja mu Disembala, ndipo tikufuna tikapume ku Maldives kuyambira pa 22 Disembala mpaka pa 2 Januwale. Bambowa ndi aatali, komanso msana umawavuta akakhalitsa pampando. Tikwera ndege ziwiri, yoyamba ya usiku ya maola 9, yachiwiri ya maola 4. Tigule matikiti panopa mu Malichi, kapena tidikire mwina mitengo itsika? Nanga premium economy ikwanira, kapena tingodzimana tigule business?"

Zikomo mayi, mwafunsa nthawi yabwino. Kwa amene simunazolowere nkhanizi, Maldives ndi dziko la zilumba m'nyanja yamchere ya Indian, ndipo m'ndege economy ndi gawo la mipando yotchipa, premium economy ndi lapakati, business ndi lapamwamba. Ngati masikuwo mwatsimikiza ndipo tchuthi kuntchito anavomera, gulani mwezi uno kapena wamawa. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma pa ulendo uwu kudekhako kukudyerani ndalama.

Chifukwa chake chili m'mene makampani a ndege amagulitsira mipando. Anthu awiri okhala moyandikana m'ndege imodzi akhoza kukhala kuti analipira ndalama zosiyana kutalitali. Kampani imagawa mipando m'timagulu tamitengo, ndipo kagulu kalikonse kali ndi chilembo chake. Mukayang'anitsitsa pa tikiti mupeza zilembo monga J, C kapena D ku business, W ku premium economy, ndi Y, M, Q kapena zina ku economy. M'gawo limodzi mpando ndi womwewo, chakudya n'chomwecho, chasiyana ndi mtengo ndi malamulo a tikitiyo. Kagulu kotchipa kakatha, kompyuta imakuonetsani kotsatira, kokwererapo. Nthawi imene anthu sakuyenda kwambiri, kampani ikaona kuti ndege inyamuka yopanda anthu, imatsegulanso timagulu totchipa. Nkhani zija mumamva zoti wina anapeza tikiti yotchipa kutatsala sabata imodzi zimachokera pamenepo. Ndege ya pa 22 Disembala yopita ku Malé, likulu la Maldives, siisowa anthu. Ku Maldives nyengo youma imayamba cha mu Disembala mpaka Epulo, ana a sukulu m'maiko ambiri amakhala atatsekera, ndipo anthu a ku Ulaya amakhala akuthawa chisanu. Kampani ilibe chifukwa chokunyengererani.

Kumbukiraninso kuti makampani ambiri amayamba kugulitsa matikiti kutatsala miyezi pafupifupi 11. British Airways imatsegula kutatsala masiku 355. Ndiye kuti ndege yanuyo yakhala ili pamsika kuyambira Januwale, ndipo ena anasankha kale.

Pamene pavuta kwambiri ndi pa mipando yapamwambayo, chifukwa ndi yochepa. Ndege yaikulu ya Emirates, A380, imene ili ndi premium economy, imanyamula anthu oposa 450, koma mipando ya premium economy ilipo 56 yokha. Inayalidwa iwiri kuzenera, inayi pakati, iwiri kuzenera linalo. Inu ndi bambo mukufuna iwiri ya kuzeneraija, ndipo banja lililonse m'ndegemo likufunanso yomweyo. Mukachedwa mwina mpando mudzaupeza ndithu, koma wina kutsogolo wina kumbuyo, pa ulendo wokondwerera ukwati.

Tsopano za msana wa bambo.

Ku economy, kuchokera pa mpando wanu kufika pa wa kutsogolo nthawi zambiri pamakhala masentimita 79 mpaka 81. Ku premium economy pamakhala pafupifupi 97. Pongowerenga zikuoneka zochepa, koma kwa munthu wamtali ndi kusiyana kwa maondo otsamira mpando wa mnzake usiku wonse ndi maondo opuma. Mpando umakhalanso wotambalala pang'ono, umapendekeka kwambiri, ndipo nthawi zambiri pamakhala potsamiritsa miyendo. Makampani a EVA Air ndi Virgin Atlantic ndi amene anayambitsa gawoli mu 1992, ndipo lero lafala. Koma musanamizidwe ndi zithunzi: munthu amagona chokhala. Ngati vuto la bambo ndi kupanikizika kwa miyendo, premium economy iwathandiza ndithu. Ngati msana wawo ndi uja umafuna kuti munthu agone chowongoka, ndalama za premium economy zingopita pachabe, adzatsika akudzigwira m'chiuno.

Kugona chowongoka kuli ku business. British Airways inabweretsa mipando yosanduka bedi m'gawoli mu 2000, ndipo pa maulendo ataliatali makampani akuluakulu ambiri anatsatira. Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dzina loti business silitsimikiza bedi. Pa ndege zing'onozing'ono za kanjira kamodzi pakati, business nthawi zambiri ndi mpando waukulu wopendekeka basi, ndipo pa maulendo a m'kati mwa Ulaya umakhala mpando wa economy womwewo, angosiya wapakati wopanda munthu. Choncho musanalipire onani mtundu wa ndege pa chigawo chilichonse, ndipo tsegulani mapu a mipando. Mukaona 1-2-1, kutanthauza mpando umodzi kuzenera, iwiri pakati, umodzi kuzenera linalo, aliyense amatuluka osadumpha mnzake. Mukaona 2-2-2, wakuzenera amadumpha miyendo ya mnzake, zomwe kwa anthu apabanja si nkhani.

Ndikanakhala ine, ndalama ndikanaziika pa ndege ya usiku ya maola 9 ija. Ya maola 4 munthu amapirira, makamaka ikakhala ya masana. Makampani ena amalola kusankha gawo losiyana pa chigawo chilichonse cha ulendo, kapena business popita ndi premium economy pobwera. Pa intaneti zikakana, imbani foni kapena pitani kwa ogulitsa matikiti, iwo amatha kuziphatikiza.

Pali njira ziwiri zotchipa zomwe anthu amakonda kulangizana, ndipo zonse sindikuzikhulupirira pa ulendo wanu. Yoyamba ndi mpando wa pakhomo lotulukira pangozi. Miyendo imatambasuka, inde, koma wokhala pamenepo amayenera kukhala wamphamvu zotsegula chitseko ndi kuthandiza ena, ndiye ogwira ntchito m'ndege akaona kuti bambo akuyenda movutika akhoza kuwasamutsa. Yachiwiri ndi kugula economy n'kumayembekeza kuti kampani idzakutumizirani mwayi wokwera gawo pamtengo wochepa masiku omaliza. Mwayi umenewo umabwera mipando yakutsogolo ikatsala. Sabata ya Khrisimasi siitsala.

Kugula msanga kuli ndi minga yakenso. Miyezi 9 ndi yambiri. Kampani ikhoza kusintha nthawi yonyamukira kapena ndege yeniyeniyo. Zinandichitikirapo: ndinasankha mpando wa kuzenera miyezi isanu ulendo usanafike, ndinasangalala, kenako tsiku lonyamuka ndinapeza kuti abweretsa ndege ina ndipo andiponya pakati pa anthu awiri, pafupi ndi chimbudzi. Kuyambira pamenepo ndimatsegula tikiti yanga kamodzi pamwezi kuona ngati mpando ulipobe. Akakutsitsani gawo, funsani kuti akubwezereni ndalama. Pa ndege zonyamuka m'maiko a European Union lamulo limanena kuti pa ulendo woposa makilomita 3,500 abweze 75 peresenti ya mtengo wa chigawocho. Kwina zimadalira malamulo a dzikolo ndi a kampaniyo. Werenganinso malamulo a tikiti musanalipire, chifukwa business yotchipitsitsa nthawi zina siibwezedwa ndalama, ndipo makampani ena amalipiritsa posankha mpando kapena salola kulowa m'chipinda chopumira pabwalo la ndege. Ndi msana wosadalirika, tikiti yololeza kusintha tsiku ndi yofunika kuonjezerapo kangachepe.

Chinthu china chimene simunafunse, koma chingakuonongereni usiku woyamba. Ndege zazikulu zimatera pa bwalo la Velana, pafupi ndi Malé, koma mahotela ali pa zilumba zomwazikana. Zapafupi amapita pa boti, zakutali amapita pa tindege totera pamadzi, ndipo tindege timeneti timauluka masana okha. Mukatera madzulo dzuwa litapendeka, mugona ku Malé kapena ku Hulhumalé, chilumba choyandikana ndi bwaloli, chipinda chanu chodula chija chili chokhoma pachilumba, mutalipira kale. Mahotela ambiri nyengo ya Khrisimasi amafunanso kuti mukhale masiku angapo osachepera, ndipo amaphatikiza pa bilu phwando la pa 24 ndi pa 31 Disembala, mufune musafune. Ndiye musanagule tikiti, lemberani hotelo muwafunse kuti ndege yanu iyenera kutera isanakwane nthawi yanji kuti mukwere kandege ka tsiku lomwelo, ndipo funsaninso za tsiku lobwerera, chifukwa ndege yonyamuka m'mamawa kwambiri pa 2 Januwale ikhoza kukuchotsani pachilumba dzulo lake.