Kodi ndiikitse kachipangizo m'thupi kuti luso langa la cyborg likhale lenileni?

Mtsikana wina amene akuphunzira zaluso watumiza funso ili pa imelo: "Ndikufuna kupanga ntchito yosonyeza kulumikizana kwa munthu, makina ndi chilengedwe. Ndaona akatswiri amene anaikidwa tizipangizo pansi pa khungu. Kodi nanenso nditero kuti ntchito yanga ikhale yeniyeni? Ngati ayi, ndiyambire pati?"

Achemwali, khungu lanu lisiyeni kaye. Chimene chimapatsa ntchito zoterezi mphamvu ndi nthawi imene thupi lakhala ndi chipangizocho mpaka kuchizolowera, ndipo zimenezi zimatheka popanda mpeni wa dokotala. Mawu akuti cyborg anawayambitsa ndi Manfred Clynes ndi Nathan Kline mu 1960, polemba za momwe munthu angakhalire ndi moyo kunja kwa dziko lapansi. Iwo ankanena za chipangizo chogwira ntchito pamodzi ndi thupi mwini wake osachiganizira n'komwe, monga momwe mtima umagundira osauuza.

Taonani waluso wina, Neil Harbisson. Anabadwa osaona mitundu, amangoona zakuda, zoyera ndi zotuwa. Mu 2004 anayamba kuvala kamera yosandutsa mtundu uliwonse kukhala kaphokoso kakekake. Poyamba inali kamera ya pamutu, mahedifoni ndi kompyuta yolemera m'chikwama cha kumsana. Analoweza maphokosowo limodzilimodzi mpaka anayamba kuwamva kutulo. Kamlongoti kamene mumakaona pa zithunzi zake kanadzalumikizidwa ku chigaza patapita zaka zambiri, ubongo utaphunzira kale. Wasayansi wa za ubongo Paul Bach-y-Rita anali atasonyeza zomwezi mu 1969: anthu osaona ankakhala pa mpando wokhala ndi tizitsulo 400 tonjenjemera kumsana, kamera n'kumatumiza chithunzi ku tizitsuloto, ndipo ataphunzira ankazindikira zinthu zimene zili patsogolo pawo.

Zoika m'thupi zili ndi mavuto amene zithunzi za pa intaneti sizionetsa. Waluso wina wotchedwa Stelarc anaikitsa khutu lachitatu pa mkono wake, koma maikolofoni amene anaikidwamo anachotsedwa chifukwa balalo linatukusira. Maginito a neodymium amene ena amaika kunsonga ya chala amathandizadi kumva magetsi oyenda m'mawaya, koma amadalira kachikuto kopyapyala kwambiri. Kakang'ambika, maginito amachita dzimbiri m'mnofu ndipo amafunika kuchotsedwa. Amavutanso pa tsiku limene mukufunika kuunikidwa ndi makina a MRI, ojambula m'kati mwa thupi pogwiritsa ntchito maginito amphamvu. Kachipu ka NFC, kamene foni imakawerenga mukaiyandikizitsa, kagalasi ka mamilimita 2 m'lifupi ndi 12 m'litali, sikapereka kumva kulikonse: kamangosunga timawu tochepa toti foni iwerenge.

Choncho yambani ndi lamba wolozera kumpoto, amene amanjenjemera mbali ya chiuno imene yaloza kumpoto. Ofufuza a ku yunivesite ya Osnabrück ku Germany anapanga lamba wotere wotchedwa feelSpace, ndipo anthu ankamuvala milungu isanu ndi umodzi. Ndimamukonda pa ntchito ngati yanu chifukwa amakulumikizani ndi mphamvu ya maginito ya dziko lapansi, yomwe akamba a m'nyanja ndi mbalame zosamuka amagwiritsa ntchito poyenda koma ife sitiimva.

Mufunika kabodi ka ESP32 (kakompyuta kakang'ono) kokhala ndi polowetsa batire pakepake, sensa ya BNO055 yopeza kumpoto, timamota 8 tonjenjemera tooneka ngati kandalama kachitsulo, ta mamilimita 10 ndi mavolti 3, chip ya ULN2803A yoyatsira timamotato, batire ya lithium ya 1000 mAh, ndi lamba wotanuka wa masentimita 5 m'lifupi. Sokerani timamotato motalikirana mofanana kuzungulira chiuno. Pa chiuno cha masentimita 80 ndiye kuti kamota kamodzi pa masentimita 10 aliwonse, ndipo kalikonse kakuimira madigiri 45. Musatithinanitse pofuna kuwonjezera ena, chifukwa khungu la pamimba ndi kumsana silisiyanitsa bwino malo awiri oyandikana, mumangomva ngati ndi pamodzi.

Cholakwa chofala n'kulumikiza mota ku mwendo wa ESP32 mwachindunji. Kamota kamodzi kamakoka pafupifupi 70 mA pamene mwendowo sufunika kupitirira 20 mA, ndipo mota ikazima imabweza magetsi m'mbuyo amene amatha kupsereza bodi. ULN2803A imathetsa zonse ziwiri. Ili ndi njira 8, iliyonse ndi diode yake yoteteza, bola mwendo wake wa 10 mwaulumikiza ku mbali ya + ya batire, wa 9 ku mbali ya −. Imadyanso pafupifupi volti imodzi, kotero batire ya mavolti 3.7 imafika pa mota ili pa mlingo woyenera.

Sensa ndiye imafuna chidwi chachikulu. M'kati mwa kamota kalikonse muli maginito, ndipo sensa ikakhala pafupi imaloza kamotako m'malo moloza kumpoto. Iikeni m'kabokosi kapulasitiki kutali ndi mota, batire ndi chomangira chachitsulo, masentimita 10 kapena kuposa. Ngati pa lamba malo achepa, ikwezeni pachifuwa ndi waya wautali. Masensa otchipa monga QMC5883L amagwira akakhala chathyathyathya basi, mukangowerama kumpoto kumasuntha. BNO055 imadziwa kupendekeka kwa thupi n'kudzikonza yokha, n'chifukwa chake ndaitchula. Poiyatsa, izungulitseni m'mwamba mojambula 8 kwa masekondi ngati 30, ndipo muzichita zimenezi lamba atasonkhanitsidwa yense. M'galimoto ndi m'nyumba za zitsulo zambiri idzasokonezekabe.

Pulogalamu yake ndi yaifupi: iwerenge kumene mwayang'ana ka 10 pa sekondi, ipeze kamota kamene kali kumpoto, ikayatse. Pali zinthu ziwiri zoti muwonjezere. Mukaima pamalire a timamota tiwiri, kunjenjemera kumadumphadumpha uku ndi uku, choncho lamulani kuti kusasinthe mpaka mutadutsa malirewo ndi madigiri 5. Chachiwiri, khungu limatopa msanga ndi kunjenjemera kosalekeza n'kusiya kukumva. Kugunda kwa gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi, pa masekondi awiri kapena atatu aliwonse, kumamveka bwino tsiku lonse ndipo kumasunga batire. Zimitsaninso WiFi.

Chimene chimafa koyamba ndi timawaya ta pa mota, tochepa ngati tsitsi, timene timaduka pamene tawotchereredwa. Tidonthezereni guluu ndipo musiye waya wolendewera pang'ono kuti lamba akatanuka usakokeke. Valani lambayo pamwamba pa kansalu kopyapyala, chifukwa thukuta limadya zitsulo ndipo ena khungu limawayabwa. Batire ikhale m'kabokosi kolimba, musaitchaje muli chivalire, ndipo ikatupa musaigwiritsenso ntchito.

Lamba akagwira ntchito, luso lenilenilo limakhala lisanayambe, chifukwa kumvako kuli m'thupi mwanu nokha ndipo oonerera sakumva. Moon Ribas, amene anayambitsa Cyborg Foundation ndi Harbisson mu 2010, anapeza njira yake kudzera m'kuvina. Anali ndi tizipangizo tonjenjemera kukachitika chivomezi kulikonse padziko, ndipo pa gule wake wotchedwa Waiting for Earthquakes amaima chilili mpaka dziko litagwedezeka, n'kuvina molingana ndi kukula kwa chivomezicho. Kukakhala bata, savina. Amene akutsogolera guleyo ndi dziko, ndipo oonerera amadikira naye limodzi. Nanunso ganizani kuti mudzalola chilengedwe kukulamulani pa chiyani, ndiponso anthu adzaona bwanji kuti mwalamulidwa.

Mukafuna kuyesa zimenezi, bungwe la boma la America loona za nthaka ndi zivomezi, USGS, limaika pa intaneti mndandanda waulere wa zivomezi umene umasinthidwa pa mphindi iliyonse, ndipo ESP32 ikhoza kuuwerenga mukayatsa WiFi. Sankhani zivomezi za mphamvu yoyambira pa 4.5 kupita m'mwamba, apo ayi lamba sadzapuma. Dziwani chabe kuti pamenepa mukumva uthenga wodutsa m'makompyuta ambiri, wochedwa ndi mphindi zingapo, pamene lamba wa kumpoto amamva mphamvu imene ili pomwe mwaimapo. Kusiyana kumeneku kukhoza kukhala mutu wa ntchito yanu. Momwemonso zipangizo zenizenizo: lithium ndi cobalt za m'batire, ndi mkuwa wa m'mawaya, zonse n'zokumbidwa pansi, ndipo ntchito yokamba za chilengedwe siyenera kubisa zimenezi.

Muvaleni lambayo maola onse amene muli maso kwa milungu isanu ndi umodzi, ndipo madzulo aliwonse lembani mizere itatu kapena inayi. Masiku oyamba mudzangomva kunyerenyetsa m'chiuno. Lembani tsiku limene mudzazindikire kuti mwakhala ola lathunthu osaganiza za lamba koma mukudziwa kumene kwanu kuli. Ikatha milunguyo, muvuleni kwa masiku atatu ndipo mulembe zimene mukusowa, pa msewu uti ndi nthawi yanji. Zolembazo mubwere nazo pokonza chionetsero, pamodzi ndi lamba wachiwiri woti oonerera avale kwa mphindi khumi atatseka maso.